Mutu 4: Gawo la Kachetechete

1. Galimoto yosalira

Ku Kachulu, padoko la nyanja ya Chilwa, kulibe mwana amene sadziwa Kachetechete. Ndi galimoto yaing'ono yoyera, yoyendera magetsi, imene Che Rashidi anaitanitsa kuchokera kunja chaka chija petulo anasowa mpaka amuna a ndevu zawo ankagona pamzere ku Zomba atakumbatira zigubu. Dzinalo anaipatsa ndi amayi ogulitsa matemba padoko, chifukwa imafika kumbuyo kwako osamveka. Umangoona nkhuku zabalalika, kucheuka, iyo ili pamsana pako.

Tsiku limene inafika anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ena ankati Che Rashidi agula wailesi ya matayala. Koma kusekako kunatha msanga. Maminibasi ataima kusowa mafuta, Kachetechete yekha ndiye ankapita ku Zomba m'mawa, anthu ali tho m'kati, madengu a nsomba ali kubuti. Masana ankabwerera kudzamwa dzuwa pa mapanelo a sola amene mwini wake anayala padenga lonse la nyumba.

Kenaka matenda a shuga anawadya maso Che Rashidi. Anayamba kuona zinthu ngati zili mu utsi, ndipo tsiku lina anangoti basi, chiwongolero ndasiya ndisanaphe mwana wa mwini.

Aliyense ankadziwa kuti kiyi apita kwa Latifu, mwana wamkulu wa mlongo wawo, mnyamata wa kabaza wodziwika njira yonse mpaka kwa Govala. Koma Latifu anali ndi phazi lolemera. Anali atagwetserapo kale mayi wina ndi thumba lake la mpunga m'ngalande. Ndiye kiyi anamudumpha n'kukagwera m'manja mwa mlongo wake Fadila, mtsikana amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo laisensi yake inali isanayambe n'kuda komwe.

Latifu zinamuwawa, tisanamizane. Koma galimotoyo ankaikonda ngati mwana. Lachisanu lililonse m'mawa, asanapite kumzikiti, ankauza Fadila kuti aiimike m'mphepete mwa nyanja, iye n'kuvula malaya. Ankaitsuka mmene anyamata onse a kabaza amatsukira njinga zawo: kutunga madzi m'nyanjamo ndi chidebe, kukhuthulira m'matayala, kumwaza kunsi, kupukuta mpaka iwale. Akamaliza ankaima patali manja ali m'chiuno, n'kumati galimoto yotereyi ngakhale ku Blantyre kulibe.

2. Bwato nalo limadya

Tsiku lopereka kiyi, Che Rashidi anamukhazika Fadila pamkeka n'kumupatsa zinthu ziwiri, kiyiyo ndi chitini chakale cha mkaka chobooledwa pachivundikiro. Kiyi wina wapadera anakhalabe pamsomali kuseri kwa chitseko chawo.

“Tamvera, mwana wa mlongo wanga,” anatero. “Ine ndakulira pamadzi. Tikatuluka m'nyanja ndi nsomba, tisanagawane, tinkayamba taika mulu umodzi pambali. Muluwo sunali wanga, sunali wa wopalasa, sunali wa wokoka khoka. Unali wa bwato. Mlendo akaona ankaseka, amvekere, kodi bwato lili ndi pakamwa? Pakamwa lilibe, koma limadya. Limadya phula, limadya misomali, limadya thabwa. Ndinaona anzanga amene ankadya gawo la bwato. Chaka chinkatha bwato lili phee, osadandaula. China n'kuthanso. Koma bwato silifunsa gawo lake lili padoko ayi. Limafunsa pakati pa nyanja, chilumba cha Chisi chili uko, Kachulu ali uko, mwera ukuomba. Ena mwa anzangawo sitinawaike m'manda.”

Anakhosomola, n'kupapasa chitini chija.

“Anthu akuuza kuti galimoto iyi siidya. Petulo siimwa, n'zoona. Oyilo siifuna, n'zoonanso. Koma matayala amatha pamsewu wathu wamiyalawu, ndipo kunsi kwake kuli zitsulo zimene iwe ndi ine sitiziona. Tsiku lililonse, usanapereke ndalama ya ndiwo pakhomo, uziyamba waponya ya Kachetechete m'chitini umu. Nthawi ya sevisi ikakwana upite naye ku Zomba kwa a Gerishomo, adwale asadwale. Kiyi ndi chitini sizilekana. Ukadzataya chimodzi, wataya zonse.”

Fadila anavomera ndi manja awiri. Ndipo anasungadi mawuwo, mvula yonse ndi matope ake, mpaka chitini chinayamba kulemera.

3. Mbuzi ziwiri

Mpunga atakolola kusikimu ya Likangala, nyengo ya maukwati inafika, ndipo chaka chimenecho unali wa Latifu. Ankakwatira Asiyatu, mwana wa mlimi wa mpunga wa kufupi ndi sikimuko. Mwambo unali Lamulungu. Latifu anali atalengeza kale kuchipongozi, pamaso pa akuluakulu, kuti mkwatibwi sakwera njinga ngati ena, adzamutenga Kachetechete atavala maliboni. Nkhaniyo inali itazungulira midzi, ana n'kuyamba kupeka nyimbo.

Sabata yomweyo zinthu ziwiri zinachitika, ndipo zonse zinali za mbuzi.

Yoyamba inali yamoyo. Lachitatu, pochokera ku Zomba, chakufupi ndi phiri la Mpyupyu, kambuzi kanatulukira m'tchire n'kuima pakati pa msewu kakutafuna. Galimoto ina bwenzi kataimva patali, koma uyu ndi Kachetechete. Fadila anaponda mabuleki mwamphamvu. Phazi linalowa pansi kuposa masiku onse, kunsi kunamveka kukhwekhwereza, galimoto n'kukokera kumanzere isanaime. Inaima mchira wa mbuzi utakhudza bampala. Okwera anaseka, wina n'kunena kuti ndiwo zadzibweretsa zokha. Fadila sanaseke nawo.

Anayang'ana kutsogolo kwa chiwongolero. Kanyali kooneka ngati sipanala kanali katayaka kwa milungu ndithu, kusonyeza kuti nthawi ya sevisi inakwana. Iye ankangoti ndipita ukwati ukatha. Latifu anali atamulangiza kuti angomatapo kapepala kuti kasamamusowetse mtendere.

Mbuzi yachiwiri inali yoti igulidwe. Alendo a ukwati anachuluka kuposa mmene anaganizira, ndipo imodzi imene inamangidwa kuseri kwa nyumba sikanakwana. Madzulo a tsiku lomwelo mayi ake, Abiti Ayuba, anamuitanira kukhitchini n'kumuuza mosazungulira kuti atsegule chitini.

Fadila anafotokoza za mabuleki ndi za kanyali. Mayi ake anamvetsera akupeta mpunga, osamuyang'ana.

“Mwananga, ine za zitsulo sindizidziwa,” anatero. “Chimene ndikudziwa ndi ichi. Mchimwene wako anamezera mate tsiku lija amjomba ako anamudumpha. Sanatukwane, sanachoke pakhomo. Amakutsukira galimoto Lachisanu lililonse ngati wantchito wako, anzake akumuseka. Lero wapeza tsiku limodzi loti aimirire pamaso pa anthu ngati mwamuna, iwe ukuti chitini n'cha galimoto. Galimoto imene simwa kanthu! Mawa ukadzadwala, adzakunyamula ndi chitini? Chitsulo chimaola, mwananga, chimatayidwa kudzala. Chibale ndi fupa, sichiola. Usachititse manyazi mbale wako chifukwa cha kanyali.”

Mawuwo anamulasa Fadila, pakuti munalibe bodza. Anadzuka n'kupita kwa amjomba akewo, Che Rashidi, akuyembekeza kuti iwo adula mlandu. Anawapeza pakhonde akusoka ukonde wa mnzawo ndi zala zokha, poti maso sankawathandizanso. Anamvetsera zonse mpaka kumapeto.

“Kiyi ndinakupatsa, sindinakubwereke,” anayankha. “Ndikakusankhira lero, mawa udzabweranso.”

Basi, anapitiriza kusoka. Koma akuluakulu enawa!

Fadila anagona nazo, Lachinayi n'kugwira ntchito ngati masiku onse, akuyendetsa ngati wanyamula mazira. Madzulo anauza mayi ake maganizo ake: Lachisanu apita ndi galimoto ku sevisi pamodzi ndi chitini, abwerako tsiku lomwelo, ndipo ndalama ikatsala agula mbuzi. Abiti Ayuba anadzuka. Anangomupatsa nkhongo n'kuyamba kukolezera moto umene unali ukuyaka kale.

4. Kunsi kwa galimoto

Galaja ya a Gerishomo inali cha ku Matawale, pansi pa mitengo ya mango, yopanda mpanda. Kunali kashedi ka malata, dzenje loonera kunsi kwa galimoto, ndi zitsulo zakale zimene nkhuku zinkaikiramo mazira. Mwini wake anali bambo wa imvi, woyankhula pang'onopang'ono, amene anaphunzira za galimoto zamagetsi ali ku Joni. Iye ndi Che Rashidi ankapemphera kosiyana, koma anali pachinzake kuyambira ali anyamata.

Anamulonjera Fadila, kufunsa za maso a mnzawo, n'kumuuza kuti wachita bwino kulawirira chifukwa masana atseka, akupita kumaliro ku Domasi. Kenaka anayamba ntchito, akufotokoza chilichonse ngati mphunzitsi. Analumikiza kamakina koonera batire n'kunena kuti likadali lamphamvu. Anaona madzi oziziritsa, anasintha sefa ya mpweya imene inali itadzaza fumbi ndi mamba a nsomba. Tayala limodzi lakutsogolo linali litadyeka m'kati, ndipo anati limenelo lingadikire mwezi wamawa koma osapitirira.

Fadila mtima unayamba kukhala pansi. Ankaona kale mbuzi ija ikulowa pakhomo.

Koma a Gerishomo anachotsa matayala n'kulowa m'dzenje. Kenaka anamuitana kuti atsike adzaone yekha. Anaunika ndi tochi. Zitsulo za kunsi zinali ndi zoyerayera ngati wina wawazapo ufa, ndipo pansi pa zoyerazo panali dzimbiri lofiira. Anapala pang'ono ndi chala n'kulawa, n'kulavula.

“Mumaitsuka ndi madzi a kuti, mayi?”

“A m'nyanja,” anatero Fadila. “Achimwene ndiwo amatsuka. Amaisamala kwambiri.”

A Gerishomo anapukusa mutu mwachisoni, osati mokalipa.

“Ndikuona kuti amaisamala. Pamwamba ikuwala ngati mbale ya alendo. Koma madzi a Chilwa inu mumawadziwa, ndi amchere. Onjezani madzi otsika m'madengu a nsomba kubutiko. Njinga ya kabaza imapirira chifukwa zonse zili poyera, imauma ndi mphepo, ndipo mabuleki ake amagwira ntchito tsiku lonse, dzimbiri limapalika lokha. Iyi ndi ina. Mukangochotsa phazi pa moto imadzigwira yokha, si choncho? Ndiye kwanu kuja kopanda zitunda mumatha ulendo wonse osaponda mabuleki mwamphamvu. Mumati mukuwasunga. Chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika, mwanawe. Galimoto ya petulo mabuleki amafa ndi ntchito. Iyi amafa ndi ulesi.”

Anamuonetsa chitsulo chimene chimafinya mabuleki a tayala lakumanja. Chinali chitagwirana ndi dzimbiri, osasuntha, n'chifukwa chake galimoto inkakokera kumanzere. Kenaka anamuonetsa kapaipi kopyapyala kodutsa mafuta a mabuleki. Kanali konyowa pamalo ena, kakuchucha pang'onopang'ono.

“Anthu amamva kuti sevisi ya galimoto yamagetsi ndi yotsika mtengo,” anapitiriza, “ndipo n'zoona, ndi yotsika. Palibe oyilo, palibe mapulagi, palibe zambiri zimene zimadyera anzanu ndalama. Koma chotsika mtengo si chaulere. Ya petulo ikadwala imatsokomola, imafuka utsi, mudzi wonse umadziwa. Iyi imadwala mwaulemu, osadandaula, mpaka tsiku limene mudzaponde pansi n'kupeza palibe kanthu. Mukanabwera kanyali katangoyaka, bwenzi nditangotsuka, kupaka girisi, inu n'kumapita.”

Fadila anatsegula chitini pomwepo. Zimene zinalimo zinangokwanira ntchito yonseyo, moti za mbuzi zinathera m'dzenje momwemo. Koma chimene chinamuumitsa pakamwa si chimenecho. Kapaipi a Gerishomo akanatha kupanga kena Loweruka. Chitsulo chofinya mabuleki cha mtundu umenewo ku Zomba kunalibe. Anaimbira mnzawo wogulitsa zipangizo ku Limbe, ndipo yankho linali lakuti chifika pakati pa sabata yamawa.

Ukwati unali mkuja.

5. Kiyi m'manja

Fadila anaimba foni ya amjomba ake. Anayankha ndi Latifu, poti masiku amenewo foniyo inkakhala ndi iye chifukwa cha zokonzekera ukwati. Anamuuza kuti mabuleki awonongeka ndipo chipangizo chifika mochedwa. Za madzi a m'nyanja sanatchule. Pakamwa panakana kumuuza munthu amene akukwatira mkuja kuti manja ake omwe ndiwo anadwalitsa galimoto.

Latifu anaseka kaye. Anati amakaniko onse ndi amodzi, akaona mtsikana ndi chitini amapeza matenda ngakhale pa galimoto yatsopano. Atamva kuti mlongo wake sakuseka, mawu anasintha.

“Fadila, wapita nayo wekha ku Zomba, yafika. Ubwera nayo, ifika. Umanena wekha kuti imaima yokha ukachotsa phazi. Lamulungu tidzayenda pang'onopang'ono ngati tikuperekeza maliro, Lolemba udzaibweze. Ndakupemphapo chiyani ine chikhalire? Usandivule pamaso pa apongozi.”

Foni inaduka.

A Gerishomo anali atamva zonse. Sananene kuti mnyamatayo akulakwa. Anabwezera matayala, kumanga manati, kuitulutsa padzenje n'kuiimika pansi pa mango. Kenaka anamupatsa Fadila kiyi.

“Galimoto ndi yanu, ine sindingaimange unyolo,” anatero. “Mwina ikafika. Mwina ikagwiranso ukwati wonse osachita kanthu, inu n'kudzanditcha wabodza. Kapaipi aka sikanandiuze tsiku lake. Ndanena zimene ndaona, kwatsalako n'kwanu.”

Fadila analowa n'kukhala pampando. Anayatsa galimoto, ndipo monga mwa masiku onse sipanamveke kanthu. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Zimene ananena Latifu zinali zoona: akanatha kuyenda pang'onopang'ono. Msewu ankaudziwa dzenje lililonse.

Nthawi yomweyo ana a sukulu ya pulayimale anali akuweruka, poti Lachisanu amatuluka msanga. Gulu lina linadutsa pagalajapo likuthamangitsana. Kamtsikana kena kovala yunifolomu yaikulu kuposa msinkhu wake kanaima kutsogolo kwenikweni kwa galimoto, kugwada, n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato. Sikanacheuke n'komwe. Kwa iko galimotoyo inali yozima.

Fadila anakayang'ana kamwanako mpaka kanamaliza. Maukwati a kwawo ankawadziwa. Galimoto ya mkwatibwi siyenda yokha. Ana a mudzi wonse amathamanga kutsogolo kwake akuimba, ena cham'mbuyo, ena atabereka ang'ono awo, amayi akuyala zitenje pamsewu, ng'oma zikugunda moti ngakhale hutala samveka.

Anazimitsa galimoto n'kutuluka. Anabweza kiyi kwa a Gerishomo.

“Ikhale,” anatero. “Koma kwathu sakandikhulupirira. Mundipatseko choti ndikawaonetse.”

A Gerishomo anagwedeza mutu. Anatenga sipanala, kugona chagada pansi pa galimoto, n'kumasula kapaipi kodwala kaja konse, poti mawa lake ankayenera kupanga kena. Mafuta otsala anatsikira m'kachitini. Anakakulunga m'nyuzipepala n'kumupatsa, n'kunena mwanthabwala kuti tsopano Kachetechete alibiretu mabuleki, asayerekeze munthu kumukankha. Kenaka anatseka shedi yawo, kuponya kiyi wa galimoto m'thumba la jekete, n'kuthamangira minibasi ya ku Domasi.

6. Maliboni

Ulendo wobwerera unali wautali. Fadila, amene anazolowera kukhala kutsogolo, anapanikizidwa kumpando wakumbuyo pakati pa thumba la sopo ndi mayi wonyamula nkhuku. Kondakitala anamuzindikira n'kufunsa mokweza ngati wailesi ija yatha mabatire. Anthu anaseka. Iye anangofumbata kanyuzipepala kake, chitini chopanda kanthu chili pamiyendo.

Anatsika pa Kachulu dzuwa litapendeka. Kunyumba kunali kutadzaza kale. Amayi ankasankha mpunga pamikeka, atsikana ankayeserera nyimbo, ndipo ana anali atakhala pamzere m'mbali mwa msewu kudikira kuti aone Kachetechete akuvekedwa.

Latifu anali pakati pa bwalo, maliboni oyera ndi obiriwira ali m'manja. Anaona mlongo wake akubwera wapansi. Anayang'ana kumbuyo kwake, kumsewu, ngati kuti galimoto ikubwera yokha. Nyimbo zinazima imodziimodzi.

“Achimwene,” anayamba Fadila, akumasula kanyuzipepala, “taonani kaye ichi.”

“Wasankha chitsulo,” anatero Latifu motsitsa mawu. Sanayang'ane n'komwe chimene chinali m'manja mwake. Anaika maliboni pamutu pa mwana wina, n'kulowa m'nyumba ya amjomba ake.

Fadila misozi inalengeza, koma sanamutsatire. Anapita pakhonde pamene panali Che Rashidi ndi mayi ake, n'kugwada. Anafotokoza zonse, kuyambira mchere wa kunsi, chitsulo chogwirana, mpaka kamwana komanga nsapato. Abiti Ayuba nkhope inali gwa, maso ali kumbali.

Che Rashidi anatambasula dzanja. Fadila anaikamo kapaipi kaja. Anakayendetsa zala kuyambira kumutu, pang'onopang'ono, mmene ankafufuzira pong'ambika pa ukonde. Atafika pakati anaima. Sanagwiritse mphamvu ayi, anangopinda pang'ono ndi chala chachikulu. Kapaipi kanathyoka ngati phesi louma, dzimbiri n'kuyoyokera pa mkanjo wawo woyera.

Anapereka zidutswazo kwa mlongo wawo.

“Chemwali, gwirani. Moyo wa mkamwana wanu ndi wa ana onse ali pabwalowa unali pa kameneka.”

Abiti Ayuba anazitembenuza m'manja. Kenaka anakweza maso n'kuyang'ana ana aja, amene tsopano ankalimbirana maliboni pakati pa msewu, mwana wawo wotsiriza ali pakati pawo. Pomaliza anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti mbuzi imodzi ikwana, adzachulutsa nyemba, ndipo mkwatibwi akhoza kubwera pa ngolo ya a Idrisa, oyandikana nawo nyumba, ngati mmene iwo anabwerera pa ukwati wawo. Sanapepese, amayi athu sapepesa ndi pakamwa. Anangomuuza Fadila kuti adzuke pansipo akadye, wayenda ndi njala tsiku lonse.

“Bwato lafunsa lili padoko,” anatero Che Rashidi. “Si onse amachita mwayi umenewo. Kamuitane mchimwene wako adzagwire yekha. Za madzi a m'nyanjazo ndimuuza ndine, sanachite dala.”

Fadila analowa m'nyumba. Latifu munalibe. Anazungulira kuseri, anafunsa kukhitchini, anafunsa anyamata amene ankamanga chisakasa. Anayankha ndi mmodzi wa atsikana oimba aja. Anati achimwene atulukira khomo lakuseri kalekale, ndipo wawaona akuthamangira minibasi ija anatsika Fadila, pamene imatembenuka kubwerera ku Zomba.

Che Rashidi atamva anadzuka osagwira ndodo. Anapapasa khoma mpaka pachitseko, n'kupisa dzanja kuseri kwake. Zala zawo zinapeza msomali. Zinauzungulira, zinapapasa pansi pake, zinabwereranso. Kiyi wapadera uja pamsomalipo panalibe.

Fadila anaimba foni imene inali ndi Latifu. Inali yozima. Anaimba ya a Gerishomo. Inaitana, inaitana, mwini wake ali pakati pa nyimbo za maliro ku Domasi.

“Musade nkhawa kwambiri,” anatero Abiti Ayuba. “Wanena yekha kuti ayenda pang'onopang'ono. Mabulekiwo ngakhale ndi odwala, agwirako pang'ono, si choncho?”

Fadila anayang'ana zidutswa ziwiri zija m'manja mwa mayi ake.

“Amayi,” anatero, “mabuleki ake ndi amene mwagwirawo.”